Tambala ndi thadzi zisanasinthidwe, awiriwo ayambe apita kukayezetsa

Amayi anzanga, December akayandikira anyamata a ku Joni amayamba kufika, ndipo zinkhoswe zimachuluka m'midzimu. Lero tisiye kaye za sikelo ndi phala la mwana, tikambirane mmene ana athu akupezerana mabanja.

Kale mnyamata ankamuona mtsikana kuchitsime, kuchigayo kapena kukwaya. Akamufunsira, mtsikana sankalola tsiku lomwelo. Ankayamba wamuzunguza kaye, ndipo akalola ankalandira chikole n'kumulozera kwa amalume. Nthawi yonseyi mudzi unkayang'ana. Agogo ankadziwa kuti mnyamatayo ndi wa kwa yani, amagwira khasu kapena ndi wa pabawo, anasiyapo mkazi kapena ayi.

Lero chibwenzi chimayambira pa foni. Wina wapatsidwa nambala ndi msuweni wake, wina waona chithunzi pa Facebook. Amacheza pa WhatsApp usiku ndi usiku, mnyamata n'kumatumiza kangachepe pa Airtel Money kapena Mpamba. Ine sindinyoza chikondi chotere, alipo mabanja abwinobwino amene anayamba choncho. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi liwiro. Munthu wabwera pa tchuthi cha masabata atatu: sabata yoyamba kuonekera, yachiwiri chinkhoswe, yachitatu wakwera basi. Mwana wathu watsala ndi foni yatsopano, mwinanso ndi pathupi, koma mwamunayo sakumudziwa kwenikweni.

Pachinkhoswe timafunditsa atsikana zitenje kuti mkamwini aloze wake, anthu n'kumaseka akalakwitsa. Nkhope amaipeza ndithu. Koma zimene zili m'magazi sizioneka povundukula chitenje, ndipo nthawi zambiri mwini wakeyo sazidziwanso. Choncho maganizo anga ndi akuti ankhoswe asanatchule tsiku, awiriwo apite limodzi kuchipatala.

Kuyezetsa HIV ndi kwaulere m'zipatala za boma, ndipo zotsatira zimatuluka tsiku lomwelo. Kachilombo kolowa kumene sikaoneka msanga, n'chifukwa chake aphungu nthawi zina amapereka tsiku lodzabweranso. Tsiku limenelo asalijombe. Apemphenso kuyezedwa chindoko. Matendawa amatha kukhala phee m'thupi kwa zaka, koma mayi akatenga pakati amachititsa kupita padera kapena kubereka mwana wakufa, pomwe jakisoni wa penicillin amachiza.

Palinso sickle cell, imene ambiri sitiiganizira. Bambo ndi mayi akhoza kukhala athanzi koma onse atanyamula mbewu yake. Zikatero, pa mimba iliyonse pamakhala mpata umodzi mwa inayi woti mwana abadwe ndi matendawa. Ngati kubanja kwanu kapena kwa mnyamatayo kuli mwana amene amatupa manja ndi mapazi, maso achikasu, kuwonjezeredwa magazi pafupipafupi, awiriwo akafotokoze kuchipatala chachikulu cha m'boma lanu.

Ndikudziwa chimene ena munene: kufunsa zoterezi ndi kunyoza mkamwini, athawa. Zimakhala zonyoza tikaloza mnyamata yekha ngati kuti wathuyu ndiye mngelo. Koma akanena ndi ankhoswe a mbali zonse ziwiri, ngati mmene amanenera za nkhwangwa, mphasa ndi lichero, palibe wochita manyazi. Mnyamata amene wakwanitsa ulendo wochokera ku Johannesburg sangalephere ulendo wa kabaza wopita kuchipatala. Akakana kwamtuwagalu, pamenepo amalume afunse chifukwa.

Apa ndiye mundimvetse bwino, amayi. Zotsatirazo si zanu, si za amalume, si za abusa. Ndi za awiriwo. Inu mungofunsa kuti, “Mwapita?” Basi. Musalande pepala, musakaime pakhomo la chipinda choyezera. Ndipo wina akapezeka ndi kachilombo sikuti ukwati watha. Munthu amene akumwa ma ARV mokhulupirika mpaka tizilombo kusiya kuoneka poyeza magazi sapatsira mnzake pogonana, winayo akhoza kumwa PrEP, ndipo angathe kubereka ana opanda kachilombo akamatsatira uphungu wa kusikelo. Asankhe okha akudziwa zoona, osati kudzazimvera mimba ili ndi miyezi isanu.

Ngati mtsikana sanakwane zaka 18, nkhani yonseyi isayambike n'komwe. Lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18, ndipo mu 2017 aphungu a Nyumba ya Malamulo anatseka mpata woti makolo azivomereza ukwati wa mwana wochepera pamenepo. Thupi lakenso silinakhwime, ndipo ana otere ndi amene amavutika pobereka mpaka ena kudwala fistula.

Chomaliza: pepala limene mnyamata wabwera nalo m'chikwama, kapena chithunzi cha zotsatira chotumizidwa pa WhatsApp, sizikwanira. Alowe onse awiri, abayidwe chala tsiku limodzi, amve zotsatira atakhala pa benchi imodzi.