Ndani akutiuza nthawi yoseka?

Mukatsegula Facebook kapena TikTok, simudutsa mavidiyo asanu osamva phwete la anthu osaoneka. Wina akangoterereka, kuseka kwa m'makina kwafika kale. Ambiri amaona ngati ndi zatsopano, komatu kachenjerero aka kali ndi zaka zoposa 70.

Ku America, kuseka kojambula kunayamba kumveka pa TV mu 1950, mu sewero la The Hank McCune Show. Pasanapite nthawi, katswiri wa zamawu wa ku CBS, Charley Douglass, anapanga makina otchedwa laff box. Anali ndi mabatani ngati a taipilaita, ndipo batani lililonse linkatulutsa kasekedwe kake: kuseka kwapansipansi, kwa chikhakhali, mpaka kwa munthu mmodzi wochedwa kumva nthabwala. Douglass ankawakhoma ndi loko kuti ena asaone za m'kati. M'zaka za m'ma 1960, masewero ambiri anthabwala a ku America ankadalira iyeyu. Ngakhale makatuni ngati The Flintstones anali ndi "anthu" oseka, chonsecho palibe amene anakhalapo pampando n'kumaonera katuni ikujambulidwa.

Chifukwa chake n'chosavuta: kuseka kumapatsirana. Mu 2019, Sophie Scott ndi anzake a ku University College London anapeza kuti anthu ankati nthabwala zosakoma n'zoseketsa kwambiri zikaphatikizidwa ndi mawu a kuseka. Ndiye zimagwiradi ntchito, ndipo ineyo vuto langa lili pomwepo.

Kuseka kojambula kumakusankhira zoti useke usanaganize n'komwe. Opanga sewero la M*A*S*H, lonena za madokotala a kunkhondo ya ku Korea, ankadziwa zimenezi. Sankakufuna, koma CBS inakakamira. Anagwirizana kuti kusamamveke m'chipinda cha opaleshoni, pomwe asilikali ovulala akulimbana ndi imfa. BBC itaonetsa seweroli ku Britain, inakuchotseratu.

Malire amenewo ndi amene akusowa pa mafoni athu. Masiku ano aliyense ali ndi laff box m'thumba. Munthu wolumala akuvutika kukwera minibasi, mayi akumenyedwa pamsika, gogo wajambulidwa asakudziwa, wina n'kuikapo phwete, basi yasanduka "komedi". Ife n'kugawana pa WhatsApp. Chotsani mawu osekawo, mutsala ndi nkhanza yokhayokha.

Ena anena kuti n'kungosangalala chabe, ndipo Friends nayo inali ndi kuseka. Zoona, koma Friends inkajambulidwa anthu enieni akuonera, ndipo nthabwala ikakanika olemba ankaikonza pompo. The Office inabwera yopanda kuseka kulikonse, anthu n'kumafabe ndi phwete.

Kwa anzanga opanga timasewero ta pa intaneti: yesani kuonetsa anzanu vidiyo musanaikemo kuseka. Akapanda kuseka, konzani nthabwalayo. Ife oonera, tisanadine batani logawana, tiyambe tazimitsa mawu n'kuona bwinobwino amene akusekedwayo.