Chigumu cha pa Mkanda si chakudya cha osauka

Achinyamata ambiri akangokhala m'tauni zaka ziwiri, lilime limayamba matama. Tiyi wopanda buledi wa m'shopu samuwerengera, ndipo chigumu amachitcha "zakumudzi", ngati kumudziko ndi matenda. Ine ndikuti maganizo amenewa akutidyera ndalama.

Taonani anzathu a ku France. Buledi wawo wautali uja, baguette, ndi wamba zedi: ufa wa tirigu, madzi, mchere ndi yisiti, basi. Koma mu 1993 boma lawo linakhazikitsa lamulo loteteza kaphikidwe kake, ndipo mu November 2022 bungwe la UNESCO linaika luso lomuphika pamndandanda wa chikhalidwe chofunika kusungidwa padziko lonse. Anthuwa amanyadira chakudya chimene aliyense amadya tsiku ndi tsiku. Nsima yathu inalowa pamndandanda womwewo mu 2017, kutanthauza kuti zakudya zathu si zochititsa manyazi. Nanga chomwera tiyi chathu tikuchinyozeranji?

Ndikapita kwathu ku Mkanda, m'boma la Mchinji, sindifunsa komwe kuli buledi. Ndimalunjika kwa amayi a mabeseni pamsika. Chigumu chawo ndi ufa wa mgaiwa, nthochi zakupsa ndi soda, chophikidwa mumphika, makala pansi makala pamwamba. Chibanthu chimodzi ndi kapu ya tiyi, wakabaza amapalasa mpaka masana. Buledi wa m'shopu magawo anayi, pofika 10 koloko m'mimba mwayamba kale kulira. Ndikunama?

Koma nkhani yaikulu ili m'thumba. Tirigu wambiri amene timadya m'Malawi muno amachokera kunja, ndipo timagula ndi madola amene dziko likusowa. Nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba mu 2022, tirigu anakwera mtengo padziko lonse. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, buledi, masikono ndi mandasi zinatsatira. Chigumu ndi zitumbuwa nazo zimamva kuwawa kwa shuga ndi mafuta ophikira, zoona, koma chimanga ndi nthochi zake n'zolimidwa komweko. Ukagula, ndalama ija imatsala pa Mkanda: ina kuchigayo, ina kwa wolima nthochi, ina kugulira mwana makope.

Ena amati vuto ndi ukhondo, fumbi ndi ntchentche za pamsika. Ena amati chigumu sichichedwa kuwonongeka. Madandaulo ake ndi omveka, koma mankhwala ake ndi beseni lovundikira, madzi osamba m'manja ndi kuphika zokwanira tsiku limodzi. Baguette nayenso sakhalitsa, ndiye chifukwa chake ku France amaphikidwa tsiku lililonse.

Apa ndi pamene ife a mafoni tingalowerepo. Mchinji ndi kuchimake kwa mtedza. Chovuta n'chiyani kuthira nsinjiro m'chigumu, kuchikulunga bwino, n'kuchitsatsa pa WhatsApp kwa a m'maofesi ku Lilongwe? Makeke akuyenda malonda pa Facebook, chigumu chilephere bwanji?

Akuluakulu anati kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka. Ulendo wina mukapita kumudzi, buledi wa m'tauni mutha kunyamula ngati mphatso, palibe cholakwa. Koma m'mawa mwake pitani pamsika mukagule chigumu, ndipo chonde, mayi wogulitsayo musakamunenerere mtengo.