KODI DZINA LACILENDO NDI LACABE?

Ndiloleni ndinenepo mau pang'ono za dzina langa. Ine ndine Lister. Cilowere pa sukulu ino sindinakomane ndi mnzanga wina wa dzina limeneli, ndipo usiku ku nyumba yogona anyamata ena amandicha "Sisita" naseka mpaka belu. Zinandiwawa kwambiri, kotero kuti ndinatsimikiza mtima kukapempha aphunzitsi kuti andilembe dzina lina mayeso a boma asanafike.

Koma pa chuthi ndinayamba ndafunsa agogo amene anandicha dzinali. Iwo sanayankhe msanga. Ananditulutsa panja nandilozera mpata umene uli pakati pa phiri la Mulanje ndi la Michesi. Pamenepo pali mabwinja a linga lochedwa Fort Lister, limene Angelezi anamanga m'caka ca 1893 kuti atseke njira ya ogula akapolo, amene ankadzera pomwepo ndi anthu a m'magoli popita ku nyanja yamcere. Agogo anati anafuna kuti mdzukulu wao azikumbukira malo amene goli linalephera kudutsa.

Nditabwerera kuno ndinafufuza m'mabuku. Ndinapeza kuti m'Cingelezi cakale munthu wonika nsalu ankachedwa litster, ndipo mau amenewa ndiwo anasanduka Lister. Linali dzina la nchito, monga Smith, wosula zitsulo, ndi Baker, wophika buledi. Pambuyo pake linakhala dzina la banja. Amene analichukitsa ndiye Joseph Lister, dotolo wobadwa m'caka ca 1827. Masiku amenewo odwala ambiri ankafa atang'ambidwa cifukwa mabala ankaola. Iye, ali ku Glasgow, anayamba kutsuka mabala ndi zipangizo ndi mankhwala opha tizilombo, nalemba za njira yaceyo m'caka ca 1867. Aliyense wa ife amene anasokedwapo bala nacira ali ndi mangawa kwa munthu ameneyu.

Ku Mangalande ndi owerengeka okha amene amapatsa mwana dzinali kuti likhale loyamba. Koma kucepa kwa eni dzina si cilema ai. Taonani Hastings: kumeneko ndi dzina la mzinda, pafupi ndi pamene panamenyedwa nkhondo m'caka ca 1066, koma kuno palibe amalidabwa, pakuti Dr. Hastings Kamuzu Banda anatsogolera dziko lino kuyambira 1964 mpaka 1994. Dzina limazoloweka ndi nchito za mwini wace.

Tsono maganizo anga ndi awa. Makolo athu pocha mwana Mabvuto kapena Cimwemwe amadziwa cimene akunena. Nanga bwanji maina a Cingelezi timangowatola pa wailesi ndi pa zitini, osafunsa tanthauzo? Ena adzati dzina ndi dzina basi, bola limveke bwino. Ine ndikana, pakuti dzina ndi katundu amene munthu amasenza mpaka kumanda, ndipo wosenza ayenera kudziwa cimene ciri m'mtolo.

Cifukwa cace ndikupemphani, anzanga, kuti pa chuthi cikudzaci yense akafunse amene anamucha dzina. Akulu anati safunsa anadya phula. Ine ndinatsala pang'ono kutaya dzina labwino cifukwa ca kuseka kwa anthu. Pa pepala la mayeso ndidzalemba Lister.