Chizolowezi cha masewero chimayambira pakhomo

M'chaka cha 2019, bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO lidalengeza kuti mwa ana asukulu 100 aliwonse a zaka 11 mpaka 17, ana 81 salimbitsa thupi mokwanira. Mwa atsikana chiwerengerochi chidafika 85, pamene mwa anyamata chidali 78. Chimene bungweli limapempha si chapatali: ola limodzi patsiku mwana athamange, apalase njinga kapena asewere mpaka mtima ugunde ndi thukuta lituluke.

Ena anganene kuti vutoli ndi la kumaiko olemera. Kale tikadavomereza. Mwana wa kunyanja ankakula akupalasa bwato, kukoka khoka ndi kuyenda wapansi popita kusukulu, ndipo madzulo bwalo linkadzaza ndi fulaye, phada ndi chipako. Lero m'matauni a Mangochi, Salima ndi Nkhotakota, mtunda waufupi womwe tikukwerera njinga yamoto. Mnyamata akhoza kutchula osewera onse a Liverpool kapena Arsenal, koma mwezi n'kutha asanaukhudze mpira ndi phazi lake. Kwa ena mpirawo wasanduka njuga yapafoni.

Ife tikuona kuti gwero la nkhaniyi lili pakhomo. Akuluakulu adati make mbuu, mwana mbuu. Mwana amene amaona bambo ake akupalasa njinga, amene mayi ake amamufunsa mmene masewero a kusukulu ayendera, amakula akudziwa kuti kulimbitsa thupi ndi mbali ya moyo. Amene amangomva kuti masewero ndi a anthu osowa chochita amawasiya akangofika ku sekondale. Ngakhale mkulu wake wa mwana ali ndi mphamvu yomukoka: Temwa Chawinga wa ku Rumphi adatsata mapazi a mkulu wake Tabitha, ndipo mu 2024 adasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu ligi ya amayi ya ku America.

Amene akutsalira kwambiri ndi atsikana. M'makomo ambiri mtsikana akangotha msinkhu, masewero amathera pomwepo. Nkhawa za makolo n'zomveka: kavalidwe, kusakanikirana ndi anyamata, ndiponso nthawi ya madrasa ndi ntchito zapakhomo. Koma nkhawa zimenezi zili ndi mayankho ake. Kuyambira mu 2014, malamulo a mpira wamiyendo amalola wosewera kuvala chophimba kumutu, ndipo mu 2023 Nouhaila Benzina wa ku Morocco adasewera mpikisano wa dziko lonse atavala hijab. Atsikana akhoza kusewera ntchemberembaye paokha, atavala modzilemekeza, mayi wamkulu akuwayang'anira. Tisaiwalenso kuti Mtumiki Muhammad (mtendere ukhale pa iye) adapikisanapo liwiro ndi mkazi wake, mayi Aisha. Choletsa mwana wamkazi kuthamanga sitingachipeze m'chitsanzo chimenecho.

Chimene chili pachiswe ndi moyo wa ana athu akadzakula. Matenda a shuga ndi kuthamanga kwa magazi, amene kale tinkawatcha a anthu olemera, afika m'midzi mwathu, ndipo kukhala osalimbitsa thupi ndi chimodzi mwa zowaitana. Wachinyamata amene amasewera amakhala ndi mafupa ndi mtima wolimba, amagona bwino, ndipo maganizo ake amakhazikika m'kalasi. Chizolowezi chimene wachitaya ali ndi zaka 14 sichibwerera msanga akafika zaka 40.

Choncho tikupempha makolo kuti masewero akhale ndi nthawi yake pakhomo, monga momwe chakudya ndi maphunziro zilili ndi nthawi yake. Ola la pambuyo pa Swala ya Asr, kwa amene aweruka kumadrasa, ndi lokwanira, ndipo ana akhale atabwerera Maghrib isanakwane. Ntchito zapakhomo zigawidwe mofanana kuti mlongo naye apeze mpata. Ana aphunzitsidwe kusambira pamaso pa wamkulu, kutali ndi malo a ng'ona ndi a bango momwe mumakhala nkhono zofalitsa likodzo, pakuti mwana wa kunyanja wosadziwa kusambira ali pangozi tsiku lililonse. Makomiti a mizikiti ndi madrasa amene ali ndi malo atha kulambula bwalo ndi kupatula masiku a atsikana. Zonsezi sizifuna ndalama zambiri: mpira umodzi, chingwe chodumpha ndi munthu wamkulu wodzipereka.

Koposa zonse, kholo lidzuke pamkeka ndi kupita kukaonerera mwana wake akusewera. Thupi ndi amana imene Allah adatisungitsa, ndipo mwana adzaphunzira kulisamala poona mmene ife tikusamalira lathu.