MPANDO NDI WA ANTHU, SI WA MABWANA

Alipo ena amene aseka nthumwi yogwirizira. Ati ndi munthu wongoperekeza anzace. Ife tikana.

Ku America, cipani cisanaimike munthu wopikisana pa upulezidenti, anthu a m'zigawo aponya voti, ndipo nthumwi zitenga mau ao kunka nao ku msonkhano waukuru wa cipani. Pambuyo pa nthumwizo pali ogwirizira. Mu 2016 ku Cleveland cipani ca Republican cinali ndi nthumwi 2,472 ndi ogwirizira 2,302. Kawirikawiri wogwirizira adzilipirira yekha ulendo ndi pogona. Akhala pa mipando ya padera, ndipo saponya voti pokhapokha mwini mpando atadwala kapena atacoka. Ife amene tinali makalaliki pa migodi tidziwa kuti munthu wa shifiti akadwala, wina alowa m'malo mwace, nchito siima. Wogwirizira ndiye mlonda wa mau a anthu amene anamtuma. Kodi manyazi ali pati?

Manyazi ali pa mpando wopatsidwa ndi mabwana. Tamverani za ku Mississippi. Mu 1964 anthu akuda a kumeneko olembedwa m'buku la mavoti sanali kufika 7 mwa 100, ndipo cipani ca Democratic ca m'cigawoco cinatuma azungu okhaokha. Tsono anthu akuda anayambitsa Mississippi Freedom Democratic Party, nasankha anthu 68, nthumwi pamodzi ndi ogwirizira, kunka ku Atlantic City. Mai Fannie Lou Hamer, mlimi wa thonje, anafotokozera komiti m'mene anamenyedwera m'ndende ya ku Winona mu 1963 cifukwa ca nkhani ya voti. Pulezidenti Johnson anaitana atolankhani mwadzidzidzi kuti wailesi ya kanema icoke pa mai ameneyu.

Pambuyo pace akuruakuru anati: tengani mipando iwiri, otsalanu mukhale alendo. Ndipo okhala pa mipandoyo anawasankha okha akuruakuruwo, Aaron Henry ndi Ed King. Anthu a ku Mississippi anakana. Azungu aja, kupatula owerengeka, anakana kulonjeza kuti adzacirikiza cipani, nacoka. Mipando inatsala yopanda anthu, koma eni ace enieni sanaloledwe kuponyerapo voti!

Cinyengo cotere si cacilendo kwa ife. Mu Legco ya Northern Rhodesia azungu oikidwa ndi Bwanamkubwa ndiwo anali kutilankhulira, ngati kuti tinalibe pakamwa.

Kukana kuja sikunapite pacabe. Mu 1965 lamulo loteteza voti linakhazikitsidwa, ndipo mu 1968 ku Chicago Mai Hamer anakhala pa mpando monga nthumwi yeniyeni.

Cotero anzanu akakusankhani kukhala wogwirizira, pitani, fikani pa nthawi yace, mverani mfundo iri yonse, pakuti tsiku lina mudzaitanidwa. Koma bwana akakupatsani mpando umene anthu sanakutumeni, ukaneni ngakhale ukhale wa kutsogolo.