Mamita 14 Amene Anasiyanitsa Ndege Ziwiri

Aliyense amene anapatsidwa udindo wogula katundu wa Boma, kaya ndi galimoto, thirakitala kapena makina a m'chipatala, amadziwa mmene ogulitsa amalankhulira. Amayamba ndi kutchula chinthu chimodzi chimene katundu wawo amaposa nacho wina aliyense, ndipo amachibwereza kufikira wogula ataiwala kufunsa zina zonse. Mbiri ya mitundu iwiri ya ndege ya Boeing 747, yaitali ija ndi yaifupi yotchedwa 747SP, ndi yoyenera kuti anthu a udindo wotere aimve mofatsa, pakuti ikuonetsa poyera kuti katundu angathe kupambana pa mpikisano koma n'kukagonja m'buku la ndalama.

Ndege ya Boeing 747 inauluka koyamba pa 9 February 1969, ndipo mu January 1970 kampani ya Pan Am inayamba kunyamulira anthu pakati pa New York ndi London. Inali ndege yoyamba ya thunthu lalikulu chotere, yokhala ndi tinjira tiwiri pakati pa mipando, injini zinayi, ndi linunda chakutsogolo ngati nkhunzi ya ng'ombe. Mtundu woyambawo, 747-100, unali wa mamita 70.6 m'litali, ndipo mapiko ake anali mamita 59.6 kuchokera kunsonga kufika kunsonga inzake. Mipando ikagawidwa m'magulu atatu, inkanyamula anthu pafupifupi 366 pa mtunda wa makilomita pafupifupi 8,500.

Komabe chimphona chimenechi chinali ndi malire ake. Chikadzaza anthu ndi katundu sichinkatha kuchoka ku New York ndi kukafika ku Tokyo popanda kutera panjira kuti chimwe mafuta. A Pan Am ankafuna ndege yoti idule ulendowo kamodzin'kamodzi, ndipo a Iran Air nawo ankafuna yolumikiza Tehran ndi New York. Pa nthawi yomweyo makampani ena, poona kuti 747 yawakulira, anayamba kutembenukira ku DC-10 ya McDonnell Douglas ndi TriStar ya Lockheed, ndege zocheperapo za injini zitatu. M'malo moyamba ndege ina yatsopano, akatswiri a Boeing anatenga 747 imene inalipo kale naidula thunthu kutsogolo ndi kumbuyo kwa mapiko, nachotsapo mamita opitirira pang'ono 14. Zilembo za SP zikuimira mawu a Chingerezi otanthauza luso lapadera. Ndege yofupikitsidwayo inauluka koyamba pa 4 July 1975, ndipo inayamba ntchito mu April 1976.

Munthu woziona zitaima pamodzi sangazisokoneze. SP ndi ya mamita 56.3, ili ndi zitseko zinayi mbali iliyonse pamene inzake ili ndi zisanu, ndipo popeza mapiko sanawasinthe kutalika, ndege imeneyi ndi yotambalala kuposa mmene inatalikira. Chodabwitsa n'chakuti yaifupiyo ndiyo ili ndi mchira waukulu. Chifukwa chake makaniko aliyense wa m'garaja ya Boma angachifotokoze. Sipanala yaitali imamasula nati ndi mphamvu zochepa, koma yaifupi imafuna dzanja lolimba. Mchira wa ndege umagwira ntchito chimodzimodzi: ukayandikira pakati pa ndege, mphamvu yake yotembenuza thunthu imachepa, ndipo mpofunika kuukulitsa kuti woyendetsa athe kuwongolabe ndegeyo, makamaka injini imodzi ikazima pa nthawi yonyamuka. Motero mchira woimirira anautalikitsa, wopingasa anautambalitsa, ndipo chiwongolero chake anachipanga chopindika pawiri. Kumbuyo kwa mapiko nako anasintha. Zitsulo zotambasuka zimene zimathandiza ndege pouluka pang'onopang'ono, zomwe oyendetsa amazitcha ma flap, pa 747-100 zinali za mipata itatu, koma pa SP anaika zosavuta za mpata umodzi, zomwe n'zopepuka. Tsono amene ankaganiza kuti kufupikitsa ndege n'kungoidula ngati nzimbe anapeza kuti ntchitoyo inakhudza pafupifupi mbali zonse.

Phindu la kudulako linaoneka msanga. Thunthu linapepuka pamene injini ndi matanki a mafuta sizinachepe, kotero kuti SP inkafika makilomita pafupifupi 10,800, ndipo inkatha kukwera mpaka mamita 13,700, pamwamba pa njira za ndege zina zonyamula anthu, kupatula Concorde. Mu March 1976 SP yoyamba ya South African Airways inanyamuka ku fakitale ya Boeing pafupi ndi Seattle n'kukatera ku Cape Town osaima paliponse, ulendo wa makilomita 16,560 umene unatenga maola 17 ndi mphindi 22. Dziko lonse linachita chidwi. Koma pali mfundo imene okamba nkhaniyi amailumpha kawirikawiri: m'ndegemo munali anthu 50 okha. Ulendo wotchuka sutanthauza ulendo wopindulitsa.

Kuti South Africa ifune ndege yotere panali zifukwa zomveka. Kuyambira 1963 maiko ambiri a mu Africa analetsa ndege za dzikolo kudutsa mumlengalenga mwawo kaamba ka ulamuliro wa tsankho, ndipo ndegezo popita ku Ulaya zinkazungulira panyanja kumadzulo kwa Africa, kawirikawiri n'kumwa mafuta pa chilumba cha Sal ku Cape Verde. Kuwonjezera apo, bwalo la Johannesburg lili pa mtunda wokwera mamita pafupifupi 1,700, pomwe mpweya ndi wopyapyala, makamaka kukatentha. Mu mpweya wotere injini zimachepa mphamvu ndipo mapiko sanyamula bwino, choncho ndege yolemera imakakamizika kusiya katundu kapena mafuta. Ndege yopepuka ya injini zazikulu inali yankho lenileni pa vuto lenileni, ndipo kampaniyo inagula zisanu ndi imodzi.

Imodzi mwa izo Amalawi anaiona ndi maso. Mu April 1985 Air Malawi inabwereka SP ku South African Airways, niipaka mitundu yake ndi kuitcha Mulanje, kuti inyamule Dr. H. Kamuzu Banda, yemwe anali Pulezidenti pa nthawiyo, pa ulendo wake wa Boma wa ku Britain. Ulendo utatha, ndegeyo inabwerera kwa eni ake patangopita masiku pafupifupi 40. Anthu angasiyane maganizo pa za ndalama zimene zinalowa pa ulendowo, koma chimodzi n'chachidziwikire: kubwereka ndege yotere pa ntchito imodzi n'kosiyana kutalitali ndi kuigula, pakuti wogula amayenera kudzaza mipando yake sabata ndi sabata, mvula kaya dzuwa, kwa zaka makumi awiri.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. SP inkanyamula anthu pafupifupi 276, kusiyana ndi 366 a mkulu wake. Mipando 90 inachoka, koma injini zinali zinayibe, ndipo iliyonse inkafuna mafuta ndi kukonzedwa. Kutsogolo kunkakhalabe anthu atatu, oyendetsa awiri ndi injiniya. Mapiko, matayala, zipangizo zosinthira ndi nyumba yokonzeramo zonse zinali za ndege yaikulu. Mtolo umene pa 747-100 ankagawana anthu 366, pa SP ankausenza anthu 276, kotero kuti mpando uliwonse unkadya ndalama zambiri. Pa njira imene ndege ina iliyonse sikadafika, mtengo umenewo unali wololeka, chifukwa apaulendo ankalipira mokondwa kuti asatere panjira. Koma njira zotere zinali zowerengeka, ndipo pa njira wamba SP inali ngati lole yodula theka la bodi koma yomwa dizilo pafupifupi ngati kale. Mitengo ya mafuta itakweranso mu 1979, owerengera ndalama m'makampani a ndege sanafunenso kumva za maulendo otchuka.

Chimene chinamaliza SP sichinachokere kwa McDonnell Douglas kapena Lockheed, koma m'nyumba momwemo. Mtundu wa 747-200B, umene unayamba ntchito mu 1971, unali wautali ngati woyamba uja koma wolimbirapo ndi wonyamula mafuta ambiri. Opanga injini, a Pratt & Whitney, General Electric ndi Rolls-Royce, anapitiriza kuwonjezera mphamvu chaka ndi chaka, ndipo pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 ndege yaitaliyo inkafika kumene SP inkafika, mipando yake yonse ili momwemo. Mu 1989 kunabwera 747-400, yofika makilomita oposa 13,000 ndi anthu oposa 400, yofuna oyendetsa awiri okha, ndipo mu August chaka chomwecho ina ya Qantas inauluka kuchokera ku London mpaka ku Sydney osatera, n'kufafaniza mbiri ya ku Cape Town ija. Boeing inkayembekeza kugulitsa ma SP pafupifupi 200, koma inapanga 45 okha. A mtundu wa 747-200 anapangidwa 393, ndipo a 747-400 anafika 694.

Kungakhale kulakwa kunena kuti akatswiri amene anapanga SP analephera. Anapatsidwa funso lovuta ndipo analiyankha bwino lomwe. Amene anayenera kudekha ndi ogula, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Mkulu wa Boma amene wabweretseredwa mapepala a makina alionse ali ndi mafunso atatu omwe mbiri imeneyi ikumupatsa: kodi luso lapadera limene akulipirali adzaligwiritsa ntchito kangati pa chaka, kodi ntchito iliyonse imene makinawo adzagwire idzadya ndalama zingati, ndipo kodi vuto limene makinawo akuthetsa lidzakhalapobe zaka khumi zikubwerazo? Funso lachitatuli ndilo limaiwalika kwambiri. Njira ya Tehran ndi New York inatsekeka pambuyo pa kusintha kwa boma ku Iran mu 1979. Chiletso cha mlengalenga wa Africa chinatha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, tsankho litayamba kugwa. Mavuto anachoka, ndege zinatsala.

Zotsalazo zinapeza eni ake oyenera, anthu amene sawerengera mpando. Mafumu a maiko a mafuta anazisandutsa ndege zawo za ulemu. Bungwe la NASA linaboola mbali ya ina n'kuikamo makina oonera nyenyezi otchedwa SOFIA, pofuna luso lomwe lija lokwera pamwamba, ndipo inagwira ntchitoyo mpaka 2022. Mu January 2023 Boeing inapereka 747 yomaliza, ya nambala 1,574, ndipo inali yonyamula katundu.

Ku Rand Airport, ku Germiston pafupi ndi Johannesburg, malo osungira mbiri ya South African Airways analandira ndege ziwiri zopuma ntchito: 747-200 yotchedwa Lebombo, imene inatera mu 2004, ndi SP yotchedwa Maluti, imene inatsatira mu 2006. Zinaimikidwa moyandikana, poti mlendo angathe kuyeza mamita 14 aja ndi mapazi ake.