Ophunzira Agwirizane pa za Magetsi ndi Gasi

Ophunzira ambiri a Yunivesite ya Malawi ku Zomba amakhala m'nyumba za lendi kwa Chikanda, popeza malo ogona pasukulupo ndi ochepa. M'nyumba zotere mikangano imabuka kawirikawiri pa nkhani ya magetsi. Mita yolipiriratu ya ESCOM siikongoza munthu: mayunitsi akatha nyumba yonse imakhala mumdima, ngakhale mayeso ali mawa.

Nkofunika tsono kuti pa tsiku lolowa m'nyumba ophunzira awerenge mita pamaso pa mwini nyumba, asankhe msungichuma mmodzi, ndipo aliyense apereke gawo lake mwezi usanayambe. Zonse zilembedwe m'kabuku. Wophikira pa mbaula ya magetsi kapena wosita tsiku ndi tsiku ayenera kuonjezerapo, pakuti zipangizo zotenthetsa zimadya mayunitsi koposa mababu. Ndalama zodzazitsira gasi zisonkhedwenso chimodzimodzi.

Ogwira ntchito m'boma amene ali ndi ana kumeneko, pamodzi ndi eni nyumba, alangize achinyamatawa. Gasi akatha ndalama palibe, ophunzira amathamangira makala, ndipo mitengo ya m'phiri la Zomba ndiyo imaonongeka. Wophunzira wolephera kusunga pangano la mayunitsi sangadzathe kusunga chuma cha dziko.